Nyumba ya Mitembo ndi Cikuta ca ku Vienna

Munthu wofuna kukhala dotolo sangapatsidwe cilolezo ca kugwira odwala asanadziwe m'mene nthenda iri yonse imaonongera thupi. Maphunziro amenewa amachedwa pathology. Wophunzira amaimirira pambali pa mphunzitsi wace pamene alikutumbula mtembo, kuti aone ndi maso ace mapapo odyeka ndi cifuwa cacikuru kapena ciwindi cotupa. Amaphunziranso kuyesa magazi, mkodzo ndi makhololo a anthu amoyo. Lero palibe sukulu ya udotolo yopanda maphunziro otere. Koma panali nthawi, akali acilendo, pamene anaphetsa akazi mazanamazana m'cipatala cimodzi, popanda munthu wozindikira.

Kale madotolo a ku Ulaya anali kukhulupirira kuti munthu amadwala pamene madzi a mitundu inai a m'thupi mwace asokonezeka. M'caka ca 1761 Giovanni Morgagni, nkhalamba ya ku Padua m'dziko la Italy, anasindikiza buku lofotokoza za odwala ngati 700, kuchula zimene anali kumva ali moyo ndi zimene zinapezeka m'kati mwao atamwalira. Potero anasonyeza kuti nthenda iri ndi malo ace eni eni pamene imakhala m'thupi.

Nzeru imeneyi inakula koposa ku Vienna, likuru la dziko la Austria, kumene Mfumu Joseph II anatsegula cipatala cacikuru m'caka ca 1784. Mwambo wa kumeneko unali wakuti omwalira m'cipatala azitumbulidwa. Mwini nchitoyo anali Carl Rokitansky, amene akuti anatumbula mitembo yoposa 30,000 pa moyo wace. Mnzace Josef Skoda anali kugogoda ndi kumvetsera zifuwa za odwala, nanena nthenda imene iri m'katimo, ndipo wodwala akafa, Rokitansky anali kuonetsa ngati Skoda ananena zoona. Anyamata anacokera ku maiko akutali kudzaphunzira kwa anthu awiriwa. M'mawa uli wonse anali kuyambira ku nyumba ya mitembo, nagwira ziwalo zoola ndi manja ao opanda cobvala, nasamba ndi sopo pang'ono kapena kungopukuta, napita kukaona odwala.

Tsono m'cipatala comweco munali cikuta cacikuru, m'mene akazi osauka anali kubereka kwaulere, malinga abvomereze kuti ophunzira aphunzirirepo. Mkuru woyamba wochuka wa cikutaco, Johann Boër, anali kuphunzitsa ndi cidole copangidwa ngati mkazi wapakati, ndipo m'masiku ace pa akazi 100 ali onse anali kufa ngati mmodzi. M'caka ca 1823 udindo unagwera Johann Klein, amene analamula kuti ophunzira aziyesera pa mitembo yeniyeni. Imfa zinayamba kucuruka. Pambuyo pace cikuta cinagawidwa pawiri, ndipo kuyambira 1840 gawo loyamba linakhala la anyamata ophunzira udotolo, laciwiri la akazi ophunzira uzamba, amene sanali kutumbula mitembo.

Nthenda yace inali malungo oopsa ogwira mkazi patapita masiku owerengeka atacira. Mimba inali kutupa, mafinya nadzala m'kati, mai namwalira, kawirikawiri pamodzi ndi khanda lace. Kuyambira 1841 kufikira 1846 m'gawo la madotolo munaberekera akazi 20,042 ndipo 1,989 anafa. M'gawo la azamba munaberekera 17,791 ndipo anafa 691. Akazi a mumzinda anadziwa zimenezi bwino lomwe. Popeza magawo awiriwa anali kulandira anthu mosinthana masiku, ena anali kugwada ndi kulira kuti asawalowetse kwa madotolo, enanso anasankha kuberekera m'njira. Cozizwitsa ncakuti oberekera m'njirawo sanali kugwidwa ndi malungo kawirikawiri.

Akuruakuru anapereka zifukwa zambiri. Ena anati ndi mpweya woipa, kuiwala kuti magawo onse awiri anali m'cipatala cimodzi. Ena anati akazi alikufa ndi manyazi pogwidwa ndi amuna. Enanso anaturutsa ophunzira acilendo, nati manja ao ngaukali.

M'caka ca 1846 mnyamata wa ku Hungary, dzina lace Ignaz Semmelweis, anaikidwa kukhala wothandiza wa Klein. Imfazo zinamsowetsa tulo. Anayesa kugoneka akazi cammbali pobereka monga anali kucitira azamba. Anapempha wansembe wodzera akufa kuti aleke kuyenda ndi belu lace, kuti mwina akazi alikufa ndi mantha. Sizinathandize. Ndipo pofuna kuidziwitsa nthendayo, m'mawa uli wonse anali kutumbula mitembo ya akazi amene anafa nayo, nacoka komweko kunka kukayesa amoyo.

M'mwezi wa March 1847 bwenzi lace Jakob Kolletschka anamwalira, atacekedwa cala ndi mpeni wa wophunzira potumbula mtembo. Semmelweis anawerenga zimene zinalembedwa za m'kati mwa thupi la bwenzi lacelo, naona kuti zinali zomwe zija anali kuziona masiku onse m'mitembo ya amai. Apa maphunziro amene anabweretsa tsoka ndiwo anaulula gwero lace, pakuti munthu wosazolowera kuona m'kati mwa mitembo sakadazindikira kufanana kumeneku. Anaganiza kuti ngati coipa cocokera ku mtembo cinalowa pa bala la Kolletschka ndi mpeni, coipa comweco cirikulowa m'zironda za kubereka ndi zala za ophunzira, ndi zala zace zomwe. Pfungo la mtembo losacoka m'manja ngakhale munthu atasamba ndi sopo linali umboni wace.

M'mwezi wa May analamula kuti ali yense wocokera ku mitembo asambe m'madzi a klorini kufikira pfungo litatheratu. Mu April, pa akazi 312 anafa 57. Mu June, pa akazi 268 anafa 6. Mu October munagonekedwa mkazi wa cotupa coturutsa mafinya pa kama woyamba kuyesedwa, ndipo pa akazi 12 amene anayesedwa pambuyo pace, 11 anafa. Kuyambira pamenepo lamulo linakhala la kusamba pakati pa wodwala ndi mnzace. M'caka ca 1848 gawo la madotolo linalingana ndi la azamba, ndipo miyezi iwiri, March ndi August, inatha popanda maliro.

Munthu akadayesa kuti dziko lonse licita cimodzimodzi msanga. Koma kubvomereza kunali kuulula kuti madotolo eni ace ndiwo anali kupha. Rokitansky ndi Skoda anamuimira kumbuyo, koma Klein sanamlembenso nchito itatha nthawi yace m'caka ca 1849, ndipo caka cotsatira anabwerera kwao ku Pest. Nayenso Semmelweis sanadzithandize: anazengereza kulemba, kotero kuti buku lace linaturuka m'caka ca 1861, ndipo pambuyo pace analembera otsutsana naye makalata owacha ambanda. Sanathenso kuonetsa coipaco ndi maso, ndipo ngakhale Rudolf Virchow wa ku Berlin, katswiri wa pathology woposa onse pa nthawiyo, sanakhutire. Munali m'caka ca 1879 pamene Louis Pasteur wa ku France anasonyeza tizirombo ta nthendayi m'magazi a akazi odwala.

Semmelweis sanazione zimenezo. M'caka ca 1865 mutu wace unasokonezeka, ndipo anamtengera ku nyumba ya amisala ku Vienna, kumene anamwalira pa 13 August, patangopita masabata awiri, ali ndi zaka 47 ndi bala loola pa dzanja lamanja. Mtembo wace anaunyamula kunka nao ku nyumba ya mitembo ya Rokitansky, ndipo otumbula anapeza kuti mafinya a pa balalo anafalikira m'thupi lonse.