FANIZANI AKUDA NDI MIYALA YA KU TENGENENGE

Nkhani ya pa wailesi yokambidwa ndi Mlangizi wa Zaulimi wa dera la Chileka ndi Lirangwe

Mwazolowera kundimva ndirikukamba za akalozera, za manyowa ndi za anankafumbwe m'nkhokwe. Lero zimenezo ziyambe zakhala, ngakhale kuti nkhani yalero nayonso iyambira m'munda, munda wa fodya. Ndifuna kukuuzani mbiri ya Mcewa wina dzina lace Fanizani Akuda pamodzi ndi anzace, anthu amene anapita ku Rhodesia kukafuna nchito ya manja, nasanduka amisiri osema miyala, ndipo nchito yao yaonetsedwa m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku Amereka. Kwathu kuno maina ao sitiwadziwa.

Akuluakulu inu mukumbukira kuti mseu wakale wa ku Mwanza unali kudzera pa Chileka pompano, nuoloka Shire pa Mpatamanga, nulowa m'dziko limene linali la Apwitikizi mpaka ku Tete, ndi kupitirira kufikira ku Harare, mzinda umene Azungu anaucha Salisbury. Mseu umenewu unameza amuna ambiri. Ena analembedwa ndi Mthandizi, ena anakwera malole a Ulere, ena anangoyenda okha paselefu. Amene anapita ndi Wenela anali a ku migodi ya ku Joni, koma a ku Rhodesia ambiri anathera m'mafamu a fodya. Eni dziko, Ashona, sanali kuikonda nchito ya pa famu ya Mzungu, popeza malipiro anali ocepa ndipo iwo anali ndi minda yao pafupi. Cotero m'makomboni a mafamu ambiri cinenero comveka usiku cinali cathu comwecino pamodzi ndi Ciyao, ndipo ng'oma za Gule Wamkulu zinali kulira monga ngati uli ku Dedza kapena ku Dowa. Amene sanabwererenso kumudzi tinawacha machona.

Bambo Fanizani Akuda anabadwa m'caka ca 1932 ku Northern Rhodesia, dziko limene tsopano liri Zambia. Anali Mcewa, mbale wathu wa kuseri kwa malire. Analowa m'dziko la Southern Rhodesia m'caka ca 1949 ali mnyamata, ndipo anagwira nchito zomwe ife tonse tizidziwa: kutola thonje, kumanga ndi njerwa, kuluka madengu. Kufikira zaka zao zitapitirira 30 panalibe munthu akadaganiza kuti manja amenewa adzachuka.

Cimene cinasintha zinthu ndi ndale za dziko. Citaganya citatha m'caka ca 1963, Malawi ndi Zambia analandira ufulu m'caka ca 1964. Koma pa 11 November 1965 boma la Azungu la Ian Smith linalengeza lokha kuti Rhodesia wacoka m'manja mwa Mangalande popanda cilolezo. Mangalande analeka kugula fodya wa ku Rhodesia, ndipo bungwe la United Nations linauza maiko ena kuti acite cimodzimodzi. Fodya ndiye anali mbeu yoyamba yobweretsa ndarama m'dzikomo. Inu alimi mudziwa cimene cicitika pamene mbeu imodzi imene mwaikapo mtima wonse yasowa msika. Mwini famu akhoza kupita ku banki kukadandaula. Nanga wanchito wa m'komboni, amene kwao kuli mamailosi mazanamazana ndipo alibe ngakhale ndime imodzi yaceyace, apita kuti?

Mwa alimi amene anagwa m'bvuto limeneli munali Bambo Tom Blomefield, Mzungu wocokera ku South Africa. Famu yace, yochedwa Tengenenge, inali m'boma la Sipolilo, limene tsopano alicha Guruve, mamailosi ngati 90 kumpoto kwa Harare. Ambiri mwa anchito ace anali a ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola.

Pano ndilankhule pang'ono monga mlangizi. Pakati pa dziko la Zimbabwe padutsa mzere wa zitunda wotalika mamailosi oposa 300, umene amaucha Great Dyke. M'menemo akumba chrome. Dothi la pa zitunda zimenezi liri ndi magnesium ndi nickel wambiri, kotero kuti mitengo simera bwino. Uona udzu wokhawokha ndi miyala. Mlimi atandiitana pa malo otere kuti ndimuuze cobzala, ndikadamuuza kuti akafune pena. Famu ya Tengenenge inali m'mbali mwa zitunda zimenezi. M'caka ca 1966 mnyamata wina wa m'dzikomo, Crispen Chakanyuka, amene anali ataphunzira kale kusema kwa mmisiri Joram Mariga, anaonetsa Bambo Blomefield kuti pa citunda copanda nchitoco pali mwala wochedwa serpentine, wabwino kusema. Mwala womwewo umene ukana mbeu ndiwo unadyetsa anthu fodya atalephera.

Mmodzi mwa oyamba kugwira nyundo anali Lemon Moses wocokera kuno ku Malawi. Panalinso Amali Malola, Myao wa kuno, ndi Josiah Manzi, wobadwira komweko koma makolo ace Ayao a ku Malawi. Bambo Fanizani anafika m'caka comweco ca 1966. Iwo sanayambe ndi kusema ai. Nchito yao inali kukumba miyala pa citunda kuti ena aseme. Atakhala akuona anzao alikulandira ndarama pa mwala umene iwo anathyoka nao msana, anatenga zitsulo nayamba nawonso.

Kasemedwe kace nkotere. Mmisiri ayamba ndi nyundo ndi citsulo cosongoka kugumula mwala kuti uoneke mbali zace. Atero atenga chizulo ca mano, kenaka cosalala, kenaka tupa. Pambuyo pace akhula ndi sandipepa wonyowetsa m'madzi, kuyambira wokhakhala kufikira wosalala, nchito ya masiku ambiri imene kawirikawiri akazi ndi ana anali kuthandiza. Potsiriza aika mwala pafupi ndi moto kuti utenthe, napaka phula, napukuta ndi nsaru utazirala. Pamenepo mwala umene unali wotuwa ngati phulusa usanduka wakuda bii ndi wonyezimira. Mtundu wolimba koposa amaucha springstone. Makina panalibe.

Tsopano ndifike pa cimene ndifuna kuti mumvetse, cifukwa ndidziwa cimene ambiri a inu munganene mutaona zosema zimenezi. Ife tinazolowera ziboliboli zogulitsa m'misewu ya mu Blantyre: njobvu yokhala ndi minyanga yace, mai wosenza mtsuko, nkhalamba yokhala ndi makwinya onse. Tiyamikira mmisiri ponena kuti, "Cangokhala ngati ceniceni." Zosema za Bambo Fanizani siziri conco. Mutu uli wobulungira ngati dzungu. Maso ali timabulunga tiwiri, ndipo pakati pa kalikonse anangolemba kamzere kamodzi kopingasa. Pakamwa ndi mzere umodzi wautali wopindikira m'mwamba. Tsitsi palibe, makwinya palibe. Wina anganene kuti munthuyu analephera kutsiriza. Koma imani patali pang'ono muyang'anenso: nkhopeyo irikumwetulira, ndipo mudzapeza kuti nanunso mwayamba kumwetulira. Anakonda kusema mabanja, mai ndi bambo ndi ana ataunjikana mitu pamodzi m'mwala umodzi, kapena munthu atakumbatira nyama. Zochuka koposa ndi mitu ya anthu oimba mluzu. Pakati pa mzere wa pakamwa anaboola kabowo kamodzi kozungulira, basi, nkhope yonse nkusanduka ya munthu woimba mluzu. Ndipo ukagogoda ndi cala cacikulu pa kabowoko, mwala utulutsa kaphokoso.

Mnzao Henry Munyaradzi, Mshona wa ku Guruve komweko, wobadwa m'caka ca 1931, anafika pa Tengenenge m'caka ca 1967 ndipo anacepetsa mizere koposa apa. Iye sanapite ku sukulu. Nkhope zace ziri zophwathalala ngati thabwa. Mphuno ndi nsidze ziri mizere iwiri yoongoka yokomana monga cilembo ca T, maso ali timabwalo tiwiri, pakamwa kamzere kakafupi. Munthu, mbalame kapena nyama, zonse anazipatsa nkhope yofatsa yomweyo, ndipo mbali zina za mwala anazisiya monga anazipeza. Boma la Zimbabwe linaika zosema zace pa masitampa m'caka ca 1983 ndi ca 1988.

Musaganize kuti kusema kotere nkwa anthu osaphunzira okha. Ku Ulaya, makamaka itatha nkhondo yaikulu m'caka ca 1945, amisiri ambiri ophunzira analeka kutsanzira thupi la munthu, nayamba kugwira nchito ndi maonekedwe okha: cozungulira, coongoka, ca ngondya, cobooka. Ndikupatsani citsanzo cimodzi cimene cikhudza dera lathu lino. M'mwezi wa September 1961 Mlembi Wamkulu wa United Nations, Bambo Dag Hammarskjöld, anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola. Pofuna kumkumbukira, anapempha Mai Barbara Hepworth a ku Mangalande, amene anali bwenzi lace, kuti apange cipilala. Maiwo sanaumbe nkhope ya malemuyo. Anapanga cinthu cimodzi camkuwa cophwathalala, cotalika mapazi 21, cokhala ndi bowo limodzi lozungulira ca kumwamba. Dzina lace Single Form. Anaciimika pa bwalo la United Nations ku New York m'mwezi wa June 1964, patangotsala milungu yowerengeka kuti ife tilandire ufulu. Bowo la Mai Hepworth ndi kabowo ka Bambo Fanizani, kwa ine nzeru yace ndi imodzi: kucotsa zonse zosafunika kufikira patsale cokhaco cimene cilankhula.

Ndiponso ife sitinayambe kuona zotere kwa Azungu. M'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, muli zojambula zofiira za Akafula: timabwalo, mizere yoyandikana, timadontho. Bungwe la UNESCO linalemba malo 127 a kumeneko m'kaundula wace wa cuma ca dziko lonse m'caka ca 2006. Yang'anani mtondo wa pakhomo panu, kapena kalukidwe ka licero. Wosema cigoba ca gule sakhalira kuwerenga makwinya. Akulitsa cimodzi, mphuno kapena mano, ndipo bwalo lonse lidziwa amene wafika. Anthu a m'komboni ya Tengenenge anakulira m'zimenezi. Ngakhale ine pochera akalozera pa munda wotsetsereka, mzere ukakhota mosayenera diso limandiuza cingwe cisananene.

Nanga bwanji maina amenewa sitiwamva kuno? Cifukwa cimodzi ndi dzina limene nchitoyi inapatsidwa. Nyumba yaikulu yoonetseramo zaluso ku Salisbury inatsegulidwa m'caka ca 1957, ndipo woyang'anira wace woyamba anali Bambo Frank McEwen, Mngelezi amene anakhalitsa ku Paris nadziwana ndi amisiri onga Picasso ndi Henry Moore. Iye ndiye anatsegulira osema a ku Rhodesia misika ya kunja, ndipo pa cimeneci ayenera kuyamikidwa. Poyamba anali kulandira miyala ya ku Tengenenge, koma pofika 1969 anasemphana maganizo ndi Bambo Blomefield, nayambitsa malo ena ochedwa Vukutu ca ku Nyanga. Pa cionetsero cacikulu ca ku Musée Rodin mu Paris m'caka ca 1971 nchitoyi inachedwa zosema za Ashona, ndipo dzinalo linakhazikika pa osema onse a m'dzikomo. Ashona osema bwino analipo ambiri ndithu, monga Henry yemweyo, Bernard Matemera ndi Sylvester Mubayi. Koma wogula wa ku London potenga mwala wa Fanizani Akuda, Lemon Moses kapena Josiah Manzi anauzidwa kuti wagula luso la Cishona, pamene wosemayo anali Mcewa kapena Myao. Ine ndiyesa kuti pamenepa panalakwika. Zifanana ndi fodya wa mlimi wamng'ono amene alowa ku okushoni pa nambala ya esiteti: mtengo ukhoza kukhala wabwino, koma dzina la wolima silimveka.

Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe inakula kwambiri m'dera la Guruve. Ogula analeka kufika, ndipo osema anabalalika. Bambo Fanizani ndi banja lao anacoka m'caka ca 1975 nakakhala ku Chitungwiza, pafupi ndi Harare; Henry anacokanso caka comweco. Amene anatsala kusunga malowo m'zaka zoopsazo anali Josiah Manzi ndi banja lace. Zimbabwe atalandira ufulu m'caka ca 1980 misika inatseguka, osema anabwerera ku Tengenenge, ndipo ana ao anayamba kugwira nyundo. Kuyambira m'caka ca 2000, pamene mafamu a Azungu analandidwa, alendo ogula anacepanso. Lamulo la unzika la m'caka ca 2001 linasandutsa ana ambiri a machona kukhala alendo m'dziko limene anabadwiramo, kufikira malamulo atsopano a dzikolo a m'caka ca 2013 anakonzako zina.

Bambo Blomefield anapereka Tengenenge m'manja mwa mmisiri Dominic Benhura m'caka ca 2007, namwalira m'caka ca 2020. Henry Munyaradzi anamwalira m'caka ca 1998. Bambo Fanizani anakhalabe ku Chitungwiza alikusema mitu yao yomwetulira kufikira ukalamba, ndipo anatisiya m'mwezi wa February 2011 ali ndi zaka 78, patapita zaka 62 cicokereni kwao.