Xirico ya bambo anga sinafike kudzala

Ine ndine mlimi wa kuno ku Matema, ndimalima ndiwo zamasamba ndi chimanga chachiwisi m'dimba cha kumtsinje wa Revúbuè. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, choncho mundikhululukire pomwe cholembera chaterereka. Pa msonkhano wathu wapita tinatsutsana kwambiri za wailesi ya kalabu imene yasiya kulankhula. Ena akuti tisonkhe tigule yatsopano, iyi tikaponye kudzala. Ine ndinati ayi, koma nthawi inatha ndisanafotokoze bwino. Ndiye ndati ndilembe mbiri ya mawailesi ndi kukonza kwake monga ndinaimvera kwa makolo ndiponso monga ndinaonera ndekha.

Bambo anga anali a ku Angónia. Iwo ankati nthawi ya atsamunda wailesi inali ya azungu, ya amwenye a masitolo ndi ya anthu obwera ku migodi ya ku Joni kapena ku Rhodesia. Munthu wamba ankangoimvera pa khonde la sitolo. Dziko litalandira ufulu mu 1975, chaka chomwecho kunabadwa Rádio Moçambique, ndipo boma linafuna kuti mawu afike m'midzi monse. Apa ndi pamene panadza wailesi ya Xirico. Zipangizo zake zinkachokera ku Germany wa kum'mawa, nkudzazimanga ku Maputo. Dzina lakelo ndi la kambalame koimba bwino. Anzathu a ku Malawi nawonso anali ndi yawo yotchedwa Nzeru, yopangidwa ku Blantyre.

Bambo anagula Xirico yawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, atagulitsa mbatata ya kachewere ndi mbuzi. Nkhondo itakula anathawira ku Dedza, monga anachitira anthu pafupifupi 1 miliyoni amene anathawira ku Malawi. Mbale, makasu ndi nkhokwe zonse zinatsala, koma wailesi anaikulunga m'chitenje, mayi nkuibereka kumbuyo ngati mwana. Ine ndinabadwira konko. Amayi amanena mpaka lero kuti pa 4 Okutobala 1992, pamene mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Roma, anthu anadzaza pakhomo pathu kudzamvera pa Xirico yomweyo. Ena analira, ena anavina.

Tsono funso nali: wailesi imeneyi inakhala bwanji zaka zonsezi? Yankho ndi amisiri. Masiku amenewo sipeya kunalibe. Mmisiri ankasunga mawailesi akufa m'katoni pansi pa tebulo, ndipo wailesi imodzi yakufa inkadzutsa zinzake zitatu. Muno achotsa sipika, umo achotsa kabatani ka voliyumu, mwina ka waya ka eriyo. Chitsulo chowotcherera ankachitenthetsa pa mbaula ya makala chifukwa magetsi kunalibe. Taganizani, damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechino kuyambira 1974, koma magetsi ake ambiri ankapita ku South Africa, ife tikuwotcherera mawaya ndi makala!

Mabatire nawo sitinkataya msanga. Akafooka tinkawayanika padzuwa, kapena kuwamanga asanu ndi limodzi m'kansungwi kong'alula nkulumikiza ndi waya. Akatheratu, ana tinkawaswa, kamtengo kakuda kam'katiko nkulembera pakhoma, ndipo ufa wakudawo ena ankapaka pa bolodi ya kusukulu. Sitinkadziwa kuti tikusewera ndi poizoni.

Titabwerera kuchokera ku Malawi, bambo anadzapeza malo kuno ku Matema, tsidya lino la mlatho wa Samora Machel. Nthawi imeneyo kuno kunali tchire lambiri ndi mbuzi. Kenaka zinthu zinayamba kuthamanga. Mcel inayamba mu 1997, Vodacom inabwera mu 2003, Movitel mu 2012. Mu 2011 kampani ya Vale inayamba kutumiza kunja malasha a ku Moatize, ndipo anthu ochokera kulikonse anadzaza mzinda uno. Ndalama zitachuluka, katundu nayenso anachuluka: mafoni, ma TV, mafiriji, masola, matochi otchaja. Mu 2021 boma linazimitsa kaulutsidwe kakale ka TV, ndipo amene anali ndi ma TV aakulu a chimsana aja anafunika dekoda. Ambiri anangogula TV yatsopano yopyapyala, yakaleyo nkuisiya kuseri kwa nyumba.

Kusiyana kwake ndi uku. Xirico inali ndi masikuluu, ukamasula umaona zonse, ndipo chowonongeka umachiloza ndi chala. Katundu wambiri wa lero ngwomata ndi guluu, batire yake ili m'kati, zipangizo zake n'zazing'ono ngati mchenga. Akafa, ambiri amati kukonza n'kodula kuposa kugula. Komabe sindinena kuti amisiri anatha. Pitani ku msika wa Kwachena kapena m'mbali mwa msewu wa ku Moatize, mukapeza anyamata atakhala pa katebulo akusintha magalasi a mafoni ndi pobayira chaja. Katoni ya mafoni akufa ili pansi pa tebulo, chimodzimodzi amisiri akale aja. Nzeru n'njomweyo, changosintha n'chipangizo.

Vuto limene makolo athu analibe ndi kuchuluka kwa zinyalala zimenezi. Lipoti la bungwe la United Nations lotuluka mu 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinthu zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo sizinafike ndi kotala yomwe. Kuno ku Africa sizinakwane 1 pa 100 alionse. Maiko a mu Africa anachita pangano ku Bamako mu 1991 loletsa kubweretsa zinyalala zoopsa kuchokera kunja, koma zakale zambiri zimalowabe pa dzina loti kaunjika. Ku Accra, m'dziko la Ghana, malo otchedwa Agbogbloshie anatchuka dziko lonse chifukwa cha utsi wa mawaya owotchedwa, mpaka boma linawagumula mu 2021.

Ife sitinafike pamenepo, koma njira yake tayamba kuiponda. Ndaona ndi maso anga ana akuwotcha mawaya kuti apeze kopa wokagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, utsi wakuda uli m'maso. Ndaona batire ya sola itaswedwa, madzi ake atakhuthulidwa pansi. M'batire yotere muli asidi ndi mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo, mwana amavutika kugwira za kusukulu. Mvula ikagwa zonsezi zimatsetserekera kuti? Ku Revúbuè ndi ku Zambezi, komwe ine ndimatunga madzi othirira repu amene inu mumagula. Ndiye nkhaniyi kwa ine si ya m'mabuku ayi, ili m'mbale mwanga ndi mwanu.

Bambo anatisiya, Xirico inatsala ndi ine. Inakhala chete zaka zingapo pamwamba pa kabati, akazi anga nkumati ikungosunga mphemvu. Kumapeto kwa 2021 ndinapita nayo kwa mdala wina wokonza mawailesi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, “Mwana wanga, iyi siinafe, yangogona.” Anatsuka dzimbiri pogona mabatire, anasintha tizipangizo tiwiri tochokera m'katoni mwake, basi inayamba kulankhula. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atabwera, magetsi anazima ndipo foni yanga inatha moto. Xirico yomweyo, ndi mabatire ake, ndi imene inatiuza kuti madzi akubwera. Ndinathamanga kukachotsa pampu ndi mapaipi kudimba. Mbewu zinapita, ngakhale mlatho wa pa Revúbuè unaduka, koma pampu ndili nayo mpaka lero.

Ndiye anzanga, pempho langa ndi ili. Wailesi ya kalabu tiyambe tapita nayo kwa mmisiri, atiuze chavuta. Akanena kuti yatheratu, timusiyire yomweyo kuti idzadzutse ina. Chachiwiri, tiike chidebe chotseka pamalo athu okumanirana choponyamo mabatire akutha, asamagwere m'manja mwa ana kapena pamoto, ndipo tifunse akuluakulu a mzinda kuti tizikatula kuti. Batire ya galimoto kapena ya sola tisamaiswe, tiziipereka yathunthu kwa ogula. Chachitatu, tipemphe opanga mapulogalamu athu aitane amisiri akale adzalankhule pa wailesi akadali moyo, achinyamata amveko.

Pa msonkhano ukubwerawu ndidzabwera nayo Xirico ya bambo. Amene simunaionepo mudzaigwire, ndipo pulogalamu yathu tidzamvere pa iyo pamene ya kalabu ili kwa mmisiri. Mabatire ndigula ndine.