Kodi agate ndi mwala wanji?

Ambiri akatola mwala wonyezimira kuphiri amathamangira kuutcha agate. Komatu si mwala uliwonse wokongola umene uli agate ayi.

Dzinali n'lobwereka. Lidachokera ku mtsinje wa Achates pa chilumba cha Sicily, komwe Agiriki akale ankatola miyalayi. Agate amapangika m'timphako totsala chiphalaphala cha phiri lophulika chikazizira. Madzi okhala ndi silika amalowamo pang'onopang'ono, n'kumasiya timizere tosanjikizana ngati anyezi wodulidwa pakati. Ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, kumapezeka agate wabuluu wokongola zedi.

Tiyerekeze mwana wabwera ndi chibenthu cha mwala kuchokera koweta mbuzi. Kunja n'chokhakhala, chosapatsa chidwi. Chinyowetseni, muchiloze kudzuwa. Kuwala kukamadutsa m'mphepete, timizere tikuoneka, mpeni n'kulephera kuchikanda koma icho n'kukanda botolo, apo nenani molimba mtima kuti, "Uyu ndi agate."

Mwala wooneka ngati fupa kapena chigoba cha nkhono ndi nkhani ina. Zimenezo zikhoza kukhala zotsalira za zamoyo zamakedzana, monga mafupa a Malawisaurus a ku Karonga, ndipo sakumba popanda chilolezo cha boma.