Juga idachoka pansi pa mtengo

Ndili mwana ku Nsaru, juga inali ndi malo ake. Nyengo ya fodya, kuseri kwa msika, azibambo amakhala mozungulira makhadi ndipo aliyense wodutsa amawaona. Mayi akadziwa kuti ndalama za mabelo zikuthera kumeneko, amathamangira kwa amfumu. Mlandu umatha ndi nkhuku, pena ndi manyazi basi.

Kuneneza wotchova juga kuli ndi mbiri yaitali kuposa momwe ndimaganizira. Mnzanga wachisilamu wa ku Namitete ndiye adanditsegula maso. Qur'an imaletsa juga, imene imatchedwa maysir, pamodzi ndi mowa, mu Sura Al-Ma'idah ndime 90. M'mizinda yakale ya Chisilamu monga Baghdad ndi Cairo munali munthu wotchedwa muhtasib. Ntchito yake inali kuyendera misika, kuyesa masikelo achinyengo, kumva madandaulo a anthu ndi kuletsa zoipa zochitika poyera. Poyera, mvetsetsani bwino apo. Katswiri wa malamulo al-Mawardi, yemwe adamwalira mu 1058, adalemba kuti muhtasib asamafufuze zomwe munthu wabisa kuseri kwa chitseko chake.

Ntchitoyi sidafe. Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, komwe malamulo a Sharia adayamba kugwira ntchito mu 2000, kuli gulu la Hisbah. Mu Okutobala 2024 lidatseka mashopu obetchera mpira pafupifupi 30, ponena kuti makolo ndi atsogoleri a m'madera ndiwo adadandaula. Shopu imatsekeka, inde. Nanga foni?

Kuno kwathu Sharia si lamulo la dziko, ndipo kubetcha ndi kololedwa. Lamulo la juga lidabwera mu 1996, kenako la 2022 lidakhazikitsa bungwe la MAGLA kuti liziyang'anira. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa. Koma amene angakanene kuti mwana uje akubetcha ayenera kuyamba wamuona kaye, ndiye apo pali vuto.

Chaka chatha msuweni wanga wa ku Kabudula adataya ndalama zonse za feteleza. Sadapite kuseri kwa msika ayi. Amabetcha ali pa mphasa, m'nyumba, mkazi wake akugona pambali. Azakhali adadziwa mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, matumba kulibe.

Adandifunsa kuti, "Mwanangu, iwe wa sukulu, zimenezi timakanena kwa ndani?"

Ndidawauza za amfumu, za abusa, za MAGLA ku tauni. Iwo adangoyang'ana foni ya mwana wawo ili pachaja, ikuthwanima pazenera.