Rose Quartz

Rose Quartz ndi mmodzi mwa otchulidwa m'katuni ya ku America yotchedwa Steven Universe, yomwe anaiyambitsa Rebecca Sugar ndipo inayamba kuonetsedwa pa Cartoon Network pa 4 Novembala 2013. Mawu ake amalankhula ndi Susan Egan. Rose si munthu koma Gem, mtundu wa zolengedwa zochokera ku pulaneti la Homeworld, zomwe moyo wake uli m'mwala wamtengo wapatali ndipo thupi ndi kuwala chabe kotuluka m'mwalamo. Nkhani ikamayamba Rose kulibe kale: anasiya thupi lake kuti abereke Steven, mwana wake ndi woimba Greg Universe, ndipo mwala wake uli pamchombo pa mwanayo.

Mbiri yake

M'magawo oyambirira Rose amadziwika kudzera m'zonena za anzake Garnet, Amethyst ndi Pearl. Iwo amamukumbukira ngati mtsogoleri wachifundo amene zaka zoposa 5,000 zapitazo anaukira olamulira a Homeworld, otchedwa ma Diamond, pofuna kupulumutsa dziko lapansi. Kenako zinamveka kuti iye ndi amene anaswa mwala wa Pink Diamond, zomwe kwa ma Gem ndi kupha.

Maganizo a oonera

Kwa zaka zingapo oonera ena ankanena pa intaneti kuti Rose ndi Pink Diamond ndi munthu mmodzi. Ena ankawaseka, koma ambiri anali ataphunzirapo kale phunziro. Iwo anali ataona kuti Garnet ali ndi miyala iwiri m'manja ndi maso atatu, n'kunena kuti ndi ma Gem awiri ophatikizana, ndipo mu Marichi 2015 gawo la "Jail Break" linatsimikiza kuti ndi Ruby ndi Sapphire.

Pa za Rose umboni unali wochuluka. Mphamvu zake, monga kuchiritsa ndi misozi, zinali zoposa za msilikali wamba wa Quartz. Bismuth, amene anasula lupanga lake, ananena kuti limawononga thupi lokha, silingaswe mwala. M'gawo la "The Trial" la mu 2017, loya Blue Zircon anafunsa kuti mdani wodziwika chotero akanafika bwanji pafupi ndi Diamond alonda osamuona. Komanso Pearl akafuna kulankhula za nkhaniyi, manja ake ankatseka pakamwa pake okha.

Pa 7 Meyi 2018 gawo la "A Single Pale Rose" linaulula zonse. Pink Diamond ankadzisandutsa Rose, ndipo Pearl, wantchito wake, ndiye anavala maonekedwe a Rose n'kunamizira kumupha. Pink anamulamula kuti asadzauze aliyense.

Khalidwe lake

Mkangano wa oonera unasinthira pamenepa. Ena amati Rose anachita bwino kukana udindo umene anabadwira. Ena amaloza zotsatira za bodza lake: ma Diamond pobwezera anasandutsa zilombo ma Gem ambiri otsala padziko, Bismuth anatsekeredwa mwachinsinsi, ndipo filimu ya mu 2019 inaonetsa Spinel, mnzake wosewera naye amene anamusiya m'munda zaka 6,000 akudikira. Chovuta n'chakuti katuniyi imaonetsa moyo wa Rose chobwerera m'mbuyo, kuyambira pamene anali atakhwima kukafika pamene anali wodzikonda, choncho woonera amaona ngati akuipiraipira pamene iye anali kusintha. Mu Steven Universe Future, yomwe inatha mu Marichi 2020, Steven akuvutikabe maganizo ndi milandu ya mayi amene sanawaonepo.