Phunziro la Kakulidwe ka Munthu ndi Moyo wa ku Nkhamenya

Kakulidwe ka munthu ndi nthambi ya saikoloji imene imafufuza mmene munthu amasinthira m'thupi, m'maganizo, m'kalankhulidwe ndi m'kakhalidwe kake pakati pa anzake, kuyambira ali m'mimba mpaka tsiku lotsikira kulichete. Kuno ku Malawi phunziroli amalichita ophunzira a saikoloji ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, anamwino m'makoleji a zaumoyo, komanso aphunzitsi amene akusulidwa m'makoleji monga wa Kasungu. Ambiri mwa iwo akamaliza amakagwira ntchito m'madera onga Nkhamenya, malo a malonda a kumpoto kwa boma la Kasungu, pamsewu wa M1, kumene kuli chipatala cha mishoni, sekondale ya atsikana, minda ya fodya ndi anthu olankhula Chichewa ndi Chitumbuka. Kumeneko ndi kumene zolembedwa m'mabuku zimayesedwa ngati zilidi zoona.

Maziko a phunziroli

Wophunzira aliyense amayamba ndi Jean Piaget wa ku Switzerland (1896–1980), amene adagawa kakulidwe ka nzeru za mwana m'magawo anayi. Mpaka zaka ziwiri khanda limadziwa dziko pogwira, poyamwa ndi poyang'ana. Kuyambira zaka ziwiri mpaka 7 mwana amalankhula ndi kusewera masanje, koma maso amamunamizabe: mukathira madzi a m'kapu yaifupi m'botolo lalitali, amati madziwo achuluka. Pakati pa zaka 7 ndi 11 amayamba kulingalira bwino pa zinthu zogwirika, ndipo akapitirira apo amatha kuganiza za zinthu zimene sanazionepo.

Erik Erikson, m'buku lake la mu 1950, adatambasula nkhaniyi kufikira ku ukalamba. Iye adati moyo uli ndi magawo 8, ndipo gawo lililonse lili ndi mfundo yake yoti munthu aimasule: khanda liphunzire kukhulupirira womulera, wachinyamata adzidziwe kuti ndani, wamkulu alere m'badwo wotsatira, nkhalamba iyang'ane m'mbuyo popanda kudziguguda pachifuwa. Lev Vygotsky wa ku Russia adatsindika kuti mwana amaphunzira mothandizidwa ndi wina womuposa pang'ono, zimene aliyense woona mtsikana wa zaka 8 akuphunzitsa mng'ono wake kusinja angavomereze msanga. Paul Baltes wa ku Germany ndiye adalimbikitsa ganizo loti kukula sikuthera pa unyamata, ndipo kuti pa msinkhu uliwonse munthu amapindula zina n'kutaya zina.

Muyeso wa kwina, ana a kuno

Vuto lalikulu la phunziroli ndi loti mabuku ake ambiri adalembedwa poyang'ana ana a ku Ulaya ndi ku America. Robert Serpell wa ku Yunivesite ya Zambia adalionetsa poyera vutoli. Atapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito yotsanzira zithunzi, a ku England adapambana pojambula ndi pensulo, a ku Zambia adapambana popinda waya, ndipo pa kuumba adafanana. Mwana wozolowera kupanga galimoto ya mawaya sangatchedwe mbuli chifukwa choti pepala ndi lachilendo kwa iye.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Serpell adafufuzanso pakati pa Achewa a m'boma la Katete. Ankafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti pa ana awo angasankhe uti pakagwa ntchito yofunika, ndipo chifukwa chiyani. Mayankho adaonetsa kuti kwa iwo mwana wanzeru si wochenjera chabe ayi, koma womvera ndi wotumika, amene ungamudalire kuti akafika kumene wamutuma. Serpell adawatsatira anawo mpaka atakula, ndipo zotsatira zake zili m'buku la mu 1993 lotchedwa The Significance of Schooling. Mphunzitsi wa ku Nkhamenya amene sadziwa zimenezi amakangana ndi makolo pachabe, iye akuyamikira malikisi a mayeso, iwo akudandaula kuti mwanayo satumika.

M'Malawi momwemuno, Melissa Gladstone ndi anzake adakonza muyeso wotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, umene udasindikizidwa mu 2010 atayesa ana akumudzi oposa 1,400. Uli ndi mfundo 136 zoona mayendedwe a thupi, luso la zala, kalankhulidwe ndi kakhalidwe ka mwana wosapitirira zaka 6, pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wakumudzi amazidziwa.

Ubwana m'dera la fodya

Masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndiwo amene ubongo umakula mofulumira kwambiri. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Kupinimbira sikufupikitsa msinkhu wokha. Kumachedwetsanso kulankhula ndi kugwira zinthu m'kalasi. N'chifukwa chake khadi la kusikelo, phala la kumkombaphala ndi mawu oti mmera mpoyamba zili mbali ya phunziroli ngakhale sizipezeka m'mabuku a Piaget.

Kalendala ya fodya nayo imaumba mwana. Nazale imafesedwa chilimwe chisanathe, kuwokera kumadza ndi mvula yoyamba, ndipo kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa kumagwa pakati pa Januwale ndi Malichi, nthawi imene sukulu ili mkati komanso chimanga chatha m'nkhokwe. Ndalama zimaoneka mabelo akagulidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009 lidanena kuti mwana wothyola fodya wonyowa angathe kulowetsa pakhungu lake nikotini wofanana ndi wa ndudu 50 pa tsiku, zimene zimadzetsa mutu, chizungulire ndi kusanza. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti.

Apa wophunzira ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimafanana maonekedwe. Mwana wotunga madzi, wolera mng'ono wake kapena wopirikitsa mbuzi m'munda akuphunzira udindo, ndipo makolo salakwa pomutuma. Mwana amene wajomba milungu itatu chifukwa chosoka fodya, manja ali bii ndi phula la masamba, akulandidwa zaka zimene sizidzabweranso. Malire ake sali pa dzina la ntchitoyo koma pa maola ake, kuopsa kwake ndi zimene mwanayo akutaya poigwira.

Kutha msinkhu ndi ukulu

Achewa adali ndi magawo awo a moyo mabuku asanabwere: khanda limatuluka m'chikuta mchombo ukagwa, mtsikana akatha msinkhu amalangizidwa ndi anamkungwi, mnyamata amalowa kudambwe, ndipo mayi wa mimba yoyamba amachitiridwa chisamba. Magawo amenewa sawerenga zaka, amaona udindo umene munthu wafikapo. Lamulo la boma limawerenga zaka: kuyambira mu 2017 malamulo oyendetsera dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Akatswiri a ubongo adapezanso kuti mbali yakutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuona zakutsogolo, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25. Mtsikana wa zaka 14 angathe kukhala namwali kwa anamkungwi, mwana kwa woweruza milandu ndi wophunzira wa Fomu 1 kwa mphunzitsi, zonsezi tsiku limodzi.

Za zaka zapakati phunziroli limakamba ukwati, ntchito ndi kulera, ndipo kuno munthu wa zaka 45 amalera mbali ziwiri, ana ake ndi makolo ake, nthawi zina ndi ana amasiye a mbale wake pamwamba.

Ukalamba

Gawo lomaliza ndi limene ophunzira amalithamangira teremu ikamatha, chonsecho ndi limene lingapulumutse miyoyo. Kuiwala dzina la munthu mwa apo ndi apo n'kwachibadwa munthu akamakalamba. Koma gogo amene akusochera m'mudzi mwake momwe, kutuluka usiku osavala bwino kapena kulankhula zosamveka, kawirikawiri amakhala ndi matenda a ubongo oiwalitsa, monga amene Alois Alzheimer adawafotokoza mu 1906. M'midzi yambiri munthu wotere amatchedwa mfiti, ndipo ena amenyedwa mpaka kuphedwa, ngakhale kuti lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Bungwe la MANEPO, loyimira anthu okalamba, lakhala likudandaula za nkhanzazi, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene adaphunzira gawoli amatha kufotokozera banja ndi nyakwawa kuti gogoyo akudwala, ndi kuwalangiza kuti asamusiye yekha pafupi ndi moto kapena chitsime, ndiponso kuti apite naye kuchipatala.