Mbiri ya Kukopera Nyimbo m'Malawi, Kuchokera pa Kaseti Kufika pa Foni

Umwini wa ntchito za luso ndi ufulu umene lamulo limapereka kwa munthu amene wapeka nyimbo, walemba buku kapena wajambula chithunzi, woti iye yekha ndiye avomereze ngati ntchito yakeyo ichulukitsidwe, igulitsidwe kapena iulutsidwe pa wailesi. Ganizoli lidakulira ku Ulaya, kumene makina osindikizira mabuku adali atafala kale: dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo lake lotchuka pa nkhaniyi m'chaka cha 1710, ndipo mu 1886 mayiko angapo adasainirana pangano mumzinda wa Berne ku Switzerland loti aziteteza ntchito za olemba ndi opeka a m'mayiko anzawo. M'Malawi zinthu zidayenda mosiyana, pakuti makina okopera nyimbo adafika m'manja mwa anthu wamba msika weniweni wa nyimbo usanakhazikike, kotero kuti munthu wogula adazolowera kuona ndalama yake ngati malipiro a kaseti ndi a thukuta la amene wamukoperayo, osati malipiro a nyimbo. Maganizo amenewa, amene amamveka mpaka lero m'misika ndi m'maminibasi, ndiwo akhala akulimbana ndi lamulo kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo kawirikawiri lamulo ndilo lakhala likugonja.

Kale woimba ankapeza cholowa pamalo pomwe waimbirapo. Wa bangwe, wa kaligo kapena wotsogolera nyimbo pa gule ankafupidwa ndi amene wasangalala, kaya ndi ndalama, nkhuku kapena chipanda cha mowa, ndipo munthu womvera akaloweza nyimboyo n'kukaiimba kumudzi kwawo, palibe amene ankamutcha wakuba, ngakhale kuti anthu ankadziwa bwino lomwe mwini wake wa nyimbo ndipo ankamutchula dzina. Galamafoni, imene amuna obwerera kumigodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia ankabwera nayo pamodzi ndi njinga ndi mabulangete, sidasinthe zambiri, chifukwa mbale zake zinkapangidwa m'fakitale ndipo panalibe wokhoza kuzikopera pakhomo. Wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, imene idayamba kugulitsidwa mu 1949 kuti anthu azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka imene inkaulutsanso m'Chinyanja, idaphunzitsa anthu kuti nyimbo imafika yokha m'nyumba popanda kulipira kanthu kupatula mabatire. Hugh Tracey, amene adayendera Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 kujambula nyimbo za m'midzi, adakasunga zimene adajambulazo ku South Africa, ndipo ambiri mwa amene adamuimbira sadadzazimvenso.

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, nyumba youlutsira mawu ya MBC idakhala wailesi yokhayo komanso malo aakulu ojambulirako nyimbo. Oimba ngati Allan Namoko wa ku Thyolo, amene ankatsogolera gulu la Chimvu River Jazz Band, ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, adatchuka dziko lonse kudzera pa wailesiyi, koma kutchukako sikunkabweretsa ndalama imene imabwerabe nthawi iliyonse nyimbo ikaseweredwa. Boma la nthawiyo lidali ndi chidwi chachikulu pa zimene nyimbo ikunena, monga momwe lamulo la 1968 lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo likusonyezera, pamene nkhani ya amene akupindula ndi nyimboyo idatsalira m'mbuyo.

Kaseti ndiyo idagwedeza zonse. Kampani ya Philips idaitulutsa mu 1963, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 wailesi za kaseti zidali zitafika m'matauni ndi m'malo ambiri ochitira malonda m'Malawi. Wailesi ya zitseko ziwiri inkalola munthu kuika kaseti ya nyimbo mbali imodzi ndi kaseti yopanda kanthu mbali inayo, n'kudina mabatani awiri nthawi imodzi, ndipo pakatha ola limodzi amakhala ndi makaseti awiri m'malo mwa imodzi. Amene adalibe kaseti yokoperako ankatchera pulogalamu ya nyimbo pa wailesi chala chili pa batani, n'chifukwa chake makaseti ambiri a m'makomo ankayamba ndi mawu odukiza a muulutsi. Popeza mabatire adali odula, kaseti inkabwezedwa poyambira poizunguza ndi bolopeni, ndipo tepi ikaduka inkalumikizidwa ndi kachidutswa ka selotepi. Kaseti idali ndi malire ake amene adateteza woimba mosadziwa: kukopera kulikonse kunkachepetsa kumveka bwino kwa nyimbo, moti kaseti yokopedwa kuchokera ku inzake yokopedwa kale inkamveka ngati woimbayo ali kuseri kwa khoma, ndipo munthu wofuna mawu omveka bwino ankakakamizika kugula yeniyeni.

Ndi m'nyengo imeneyi pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la umwini wa ntchito za luso la 1989, dziko lidalowa m'pangano la ku Berne mu 1991, ndipo mu 1992 bungwe la Copyright Society of Malawi, lodziwika kuti COSOMA, lidayamba ntchito yotolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga nyumba zoulutsira mawu, mahotela ndi malo omwera mowa, n'kuzigawa kwa eni ake. Lamulolo lidateteza ntchito pa moyo wonse wa mwini wake ndi zaka zina 50 iye atamwalira, ndipo nyimbo, magule ndi nthano za makolo zimene wopeka wake sadziwika lidaziika m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994 kudamasula pakamwa pa oimba pa nthawi yomweyo imene malo ojambulira nyimbo adayamba kuchuluka. Ku Balaka, kumene gulu la Alleluya Band lidayambira mu 1978 pa parishi ya Katolika, Paul Banda adajambula oimba ambiri, ndipo mng'ono wake Lucius Banda, komanso Billy Kaunda, Mlaka Maliro, kenako Evison Matafale wa ku Chileka ndi Joseph Nkasa, adachititsa kuti nyimbo za m'Chichewa zigulidwe kuposa kale lonse. Sitolo ya O.G. Issa ku Limbe idasanduka khomo lalikulu limene makaseti ankatulukirapo kupita kwa mavenda a m'misika ya dziko lonse.

Zaka khumi ndi zingapo zimenezi ndi nthawi imene woimba ankatha kumanga nyumba kapena kugula galimoto ndi ndalama ya chimbale. Komabe si bwino kuzikometsera mopitirira, chifukwa oimba ambiri ankadandaula kuti gawo limene ankalandira pa kaseti iliyonse lidali laling'ono poyerekeza ndi la ochulukitsa ndi ogulitsa, ndipo woimba wosowa ndalama ankatha kugulitsa chimbale chonse pa mtengo wa kamodzi n'kumangoonerera ena akudyerera. COSOMA idayambitsa kachizindikiro konyezimira komatidwa pa kaseti ndi pa CD kuti wogula ndi wapolisi azisiyanitsa yovomerezeka ndi yachinyengo, ndipo nthawi ndi nthawi katundu wolandidwa kwa mavenda ankatenthedwa poyera. Njira imeneyi inkagwira ntchito pokhapokha nyimbo ikakhala mu chinthu chogwirika chimene chingamatidwe chizindikiro, kuwerengedwa ndi kulandidwa.

Chinthu chogwirikacho chidayamba kuzimiririka pamene kompyuta idafika. Njira yosungira mawu yotchedwa MP3, imene akatswiri a ku Germany a bungwe la Fraunhofer adathandiza kwambiri kupanga, imafinya nyimbo kuti itenge malo ochepa, ndipo nyimbo yotereyi ikakopedwa ka 1,000 imamvekabe chimodzimodzi ndi yoyamba ija. Ku America zimenezi zidabala mkangano wa Napster, pulogalamu imene idayamba mu 1999 yolola anthu kupatsana nyimbo pa intaneti, imene idatsekedwa mu 2001 makampani a nyimbo ataisumira kukhoti. M'Malawi, momwe intaneti yogulitsidwa kwa anthu idangoyamba mu 1997 ndipo idali ya maofesi ndi anthu ochepa a m'tauni, ntchito ya Napster idagwiridwa ndi mnyamata wa pa msika. M'kachipinda ka malata kapena m'kontena, pafupi ndi ometa ndi otchaja mafoni, obena nyimbo ankaika kompyuta yakale pa tebulo ndi sipika yaikulu pakhomo yoitanira makasitomala, ndipo mu kompyutamo nyimbo zinkasanjidwa m'mafoda, zauzimu pazokha, za ku Balaka pazokha, za ku Zambia ndi za ku Congo pazokha. Poyamba ankabena pa CD, koma mafoni otsika mtengo olowa memore khadi atafala, kasitomala ankangotulutsa kakhadi kake, kutchula oimba amene akuwafuna kapena kungonena kuti amudzazire, n'kulipira ndalama yochepa kuposa mtengo wa chimbale chimodzi pa nyimbo mazana. Malo omwewo ankagulitsanso mafilimu a karate ndi a ku Nigeria omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a luso lonjenjemeretsa nkhani, ndipo ena adaikamo PlayStation kuti ana azilipira pa gemu iliyonse ya mpira, magemu amenenso ambiri mwa iwo adali okopera.

Zimene anthu wamba ankanena pa malonda amenewa n'zofunika kuzimvetsa, popeza sizidali za umbuli ayi. Wobena ankati iye ndiye akutchukitsa woimba, pakuti nyimbo yosapezeka mu kompyuta yake siifika kumudzi, ndipo izi zidali ndi choonadi chake, chifukwa oimba achinyamata ena ankapita okha kukasiya nyimbo zawo kwa obena. Wogula ankati walipira, ndipo sadaone chifukwa choti adzitche wakuba pa chinthu chimene mwini wake akadali nacho. Ambiri ankafunsanso kumene akadagula chimbale chenichenicho, pakuti sitolo zogulitsa nyimbo zidatha m'maboma ambiri. Woimba yekha ndiye adali ndi funso limene panalibe woliyankha, loti ndalama imene adalipira ku studio ibwerera bwanji. COSOMA idayesa njira yopereka ziphaso kwa obena kuti azilipira kanthu m'malo mowathamangitsa, koma oimba ena adaiona ngati kudalitsa umbava, pamene bungwelo linkaiona ngati kupulumutsa kochepa pa zimene zikadatayika zonse. Zotsatira zake n'zakuti oimba adabwerera ku mashowo, maukwati, misonkhano ya ndale ndi kutsatsa malonda a makampani, ndipo ena, makamaka oimba zauzimu, adayamba kuyenda okha m'misika ndi galimoto ya zimkuzamawu kugulitsa ma CD awo pamanja.

Lamulo latsopano la 2016, limene lidalowa m'malo mwa la 1989, lidavomereza poyera zimene msika udadziwa kalekale, zoti kukopera kwa munthu payekha sikungaletseke. Lidatsegula njira ya msonkho wa pa zipangizo zosungira ndi kukopera ntchito za luso, monga mafoni, mafulashi ndi makompyuta, umene malamulo ake ang'onoang'ono adatuluka mu 2018, ndipo ndalamayo imatoleredwa katundu akamalowa m'dziko kenako n'kupita ku COSOMA kuti igawire oimba, olemba, opanga mafilimu ndi aluso ena. Ganizoli si lachilendo pa dziko lapansi, popeza West Germany idaliyamba mu 1965 chifukwa cha makina a tepi. Lili ndi ubwino woti silifuna wapolisi pa msika, koma lili ndi zovuta ziwiri zimene sizinathe: munthu wogula foni kuti azingoimbira abale ake amalipira nawo, ndipo popeza palibe kaundula wa nyimbo zimene zili m'foni ya munthu aliyense, kagawidwe ka ndalamazo kamadalira kuyerekeza, kumene kwakhala kukubutsa mikangano pakati pa aluso okhaokha.

Mtengo wa intaneti nawo uli ndi mbali yake pa nkhaniyi, ngakhale kuti kawirikawiri umakambidwa paokha. Mu 2015 boma lidaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pa foni ndi pa intaneti, ndipo mu 2020 anthu adadandaula kwambiri pa masamba a mchezo kuti mitengo ya mabandulo itsike. Munthu amene bandulo yake ndi ya WhatsApp yokha sangamvere nyimbo imodzi kakhumi pa intaneti, choncho amaitenga kamodzi kwa mnzake kudzera pa Bluetooth kapena pa gulu la WhatsApp n'kuisunga. Spotify idafika m'Malawi mu 2021, koma njira imene imalipira woimba potengera kuchuluka kwa omvera imakomera woimba amene omutsatira ake ali ndi intaneti yotsika mtengo, ndiye kuti Amalawi okhala ku Johannesburg kapena ku Britain amalemera kwambiri pa sikelo imeneyi kuposa khamu la ku Nsanje kapena ku Mchinji.

Nkhani ya Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu ikuonetsa pamene mkanganowu wafika. Nyimbo yake ya Linny Hoo, imene adaiimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, idafala pa TikTok mpaka kuonedwa koposa ka 80 miliyoni pofika kumayambiriro kwa 2022, mwini wakeyo ali ndi zaka zoposa 90 ndipo alibe foni yoonera zimenezo. Amene adaifalitsa sadali obena a pa msika amene COSOMA ingawapeze ndi kuwalipiritsa chiphaso, koma anthu a m'mayiko osiyanasiyana ogwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ya ByteDance ya ku China, ndipo kuti ndalama yochokera kumeneko ifike ku Chiradzulu pamafunika kuti nyimboyo ikhale yolembetsedwa kwa ofalitsa nyimbo pa intaneti komanso mapangano a pakati pa mabungwe otolera ndalama a mayiko osiyana, zinthu zimene oimba ambiri a m'badwo wa Chalamanda sadazichitepo.